Wofuna Mbiri ya Mchinji Afunse za Fort Manning

Kale munthu wofuna kuwerenga zikalata zakale za boma ankamanga ulendo wa ku Zomba, kumene kuli nkhokwe ya National Archives yomwe idatsegulidwa m'chaka cha 1947. Masiku ano zikalata zina, pamodzi ndi mindandanda ya zimene zili m'nkhokwe za maiko akunja, zidaikidwa pa intaneti, kotero kuti mphunzitsi wa ku Kamwendo kapena ku Kapiri angathe kuziona pa lamya yake ya m'manja. Komatu ambiri amabwerako chimanjamanja. Amalemba dzina loti Mchinji m'kabokosi kofufuzira, makina n'kuwapatsa nkhani za posachedwapa, iwo n'kuganiza kuti za makolo awo palibe adalembapo kanthu. Chimene chalakwika pamenepa ndi kafunsidwe.

Kalaliki wa ku nkhokwe ndi munthu. Akamva zimene mlendo akufuna amalingalira n'kumuongolera. Kompyuta ilibe nzeru zoterezo. M'nkhokwe zambiri imangofananiza zilembo zimene munthu walemba ndi zimene zili m'chikalata, ndipo zikasiyana pang'ono pokha imayankha kuti palibe. Tsono wofufuza ayenera kuyamba wadzifunsa kuti: kodi wolemba chikalatacho, m'masiku akewo, chinthu chimenechi ankachitcha chiyani?

Pa nthawi ya atsamunda boma la Mchinji linkatchedwa Fort Manning. Dzinali lidachokera kwa William Manning, msilikali Wachingerezi amene adatsogolera nkhondo yolimbana ndi Angoni a Mpezeni m'chaka cha 1898, yemwenso pambuyo pake adakhala bwanamkubwa wa dziko lino. Dzinalo lidachotsedwa dziko litalandira ufulu wodzilamulira m'chaka cha 1964, monga momwe Fort Johnston adasandukira Mangochi, Port Herald n'kukhala Nsanje. Nalo dziko lidali British Central Africa kuyambira 1893 mpaka 1907, kenaka Nyasaland mpaka 1964.

Pakuti Mchinji ali m'malire, mbiri yake idagawikanso pawiri. Chipata ankatchedwa Fort Jameson, ndipo adali likulu la North-Eastern Rhodesia, dera lomwe lidaphatikizidwa ndi linzake m'chaka cha 1911 n'kupanga Northern Rhodesia, Zambia wa lero. Choncho nkhani ya Angoni a kwa Zulu kapena kwa Mlonyeni ingapezeke pansi pa maina a tsidya linalo, ndiponso m'nkhokwe ya ku Lusaka.

Kalembedwe ka maina nakonso kadasintha. Mpezeni ena ankamulemba Mpeseni. Angoni amapezeka ngati Angoni kapena Ngoni. Achewa ngati Achewa, Chewa kapena Cewa. Chiyankhulo chomwe chidatchedwa Chichewa m'chaka cha 1968 chinkalembedwa Nyanja kapena Chinyanja, dzina lomwe a ku Zambia akuligwiritsabe ntchito. Kuwonjezera apo, zikalata za boma zidalembedwa m'Chingerezi, kotero wofuna za fodya alembe tobacco, wofuna za msonkho wa nyumba alembe hut tax.

Akasonkhanitsa maina onsewa, pali zida zinayi zomangira funso.

Choyamba ndi mitengero, zizindikiro zija zotsekera mawu a woyankhula. Wolemba Fort Manning popanda mitengero angalandirenso zikalata zotchula linga lina ndi munthu wina wotchedwa Manning. Akalemba "Fort Manning", makina amafuna mawu awiriwo ali pamodzi, motsatana momwemo.

Chachiwiri ndi timawu titatu ta Chingerezi tolembedwa m'malembo akuluakulu, tomwe maziko ake adaika ndi katswiri wa masamu George Boole m'chaka cha 1854. Mawu oti OR amakulitsa ukonde: "Fort Manning" OR Mchinji amakola zakale ndi zatsopano zomwe. Mawu oti AND amauchepetsa: "Fort Manning" AND tobacco amabweretsa zikalata zokhazo zimene zatchula ziwiri zonsezi. Mawu oti NOT amachotsa, koma ngofunika kusamala nawo. Manning adakakhalanso bwanamkubwa wa Jamaica m'chaka cha 1913. Wochotsa Jamaica pofuna kupungula mulu amatayira kumodzi chikalata chofotokoza moyo wonse wa mkuluyo, za Mpezeni zili momwemo.

Chachitatu ndi kanyenyezi, komwe m'nkhokwe zambiri kamaimira zilembo zotsala. Kulemba Mpe* kumakola Mpezeni ndi Mpeseni nthawi imodzi. Chachinayi ndi malire a zaka: wofuna za nkhondo ija auze makina kuti angoyang'ana pakati pa 1897 ndi 1900.

Mpofunikanso kudziwa chimene makinawo akuwerenga. Mndandanda wa National Archives ya ku Kew, ku London, wotchedwa Discovery, umafufuza kwenikweni mitu ndi mafotokozedwe a mafayilo, osati masamba a m'kati. Makalata a pakati pa Zomba ndi London kuyambira 1904 ali m'gulu la CO 525. A m'mbuyo mwake ali pansi pa Foreign Office. Fayilo yokamba za Fort Manning ingakhale ndi mutu wongotchula Central Province kapena Central Angoniland, choncho funso lopapatiza likakanika, wofufuza alitambasule. Kwina makina amawerenga masamba enieniwo, monga pa JSTOR pomwe pali Nyasaland Journal, magazini yomwe idayamba m'chaka cha 1948 n'kusintha dzina kukhala Society of Malawi Journal m'chaka cha 1965. Komabe potembenuza chithunzi cha tsamba kuti chikhale zilembo, makina amasokonezeka ndi inki yofufuma, ndipo zolembedwa pamanja nthawi zambiri zimawalaka.

Nanga makina akati palibe, ndiye kuti palibedi? Iyayi. Zikalata zambiri sizidajambulidwe, zikadali m'mabokosi ku Zomba. Zina zidapsa ndi moto umene udatentha maofesi akuluakulu a boma ku Zomba komweko m'chaka cha 1919. Zinanso zili m'ziyankhulo zina: ambiri mwa ansembe a White Fathers amene adatsegula mishoni ya Kachebere m'chaka cha 1903 ankalemba m'Chifalansa. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Wofufuza wanzeru amasunga kope lolembamo funso lililonse limene wayesa, nkhokwe yake, ndi nambala ya chikalata chimene wapeza, kuti asabwerere pomwe adapita kale ndiponso kuti mnzake adzathe kutsimikiza.

Akapeza chikalatacho akumbukire kuti adachilemba ndi wolamulira, amene ankaona mudzi ndi maso a msonkho ndi thangata. Pa nkhani za ufumu ndi malire a minda, zomwe zimadanitsa abale mpaka lero, pepala la bwana DC ndi mboni imodzi chabe, yofunika kuifananiza ndi zonena za akuluakulu.

Akuluakulu omwewo ndiwo akusunga makiyi a nkhokwezi. Safunsa adadya phula. Mphunzitsi angachite bwino kutuma ophunzira ake kwa agogo awo kuti akalembe maina akale a midzi, mitsinje, maesiteti ndi mafumu, dzina lililonse pamodzi ndi kalembedwe kake konse. Tsamba limodzi lotere lidzapulumutsa ndalama za intaneti zomwe zikadathera pa mafunso osabala kanthu, ndipo lidzatsalira sukulu ngakhale agogowo atapita.