Kansalu Kosambira: Poyambira Pabwino Pophunzira Kuluka

Atsikana ambiri ofuna kuphunzira kuluka ndi singano ya ngowe, imene ena amaicha crochet, amayambira pa cinthu cacikulu, monga shawelo ya mwana kapena nsalu zamaluwa zoyala pa mipando. Pakapita masabata awiri ulusi wapotana, mbali ina yatalika kupambana inzake, ndipo zonse zaikidwa pansi pa sutukesi, ndalama zogulira ulusi zapita pacabe. Ife tikuti wophunzira ayambe ndi kansalu kosambira. Nkakang'ono, kamatha m'masiku awiri kapena atatu, ndipo ngakhale kakhote pang'ono kadzasambitsabe mwana bwino lomwe.

Luso limeneli linafala ku Ulaya m'zaka za m'ma 1800, ndipo dzina lakuti crochet ndi la Cifalansa, kutanthauza kangowe. Pa njala yaikulu ya ku Ireland, imene inayamba mu 1845 mbatata za kacewere zitaola m'minda, masisitere ena anaphunzitsa amayi ndi ana kuluka zokongoletsa zogulitsa, ndipo mabanja ambiri anapeza nazo cakudya. Tsono tisaiyese nchito yongotayitsa nthawi.

Cinthu coyamba kusamala ndi ulusi. Umene wadzaza m'masitolo, womwe tonse timaucha wulu, kawirikawiri suli ubweya wa nkhosa konse koma acrylic, m'bale wake wa pulasitiki. Ndi wabwino pa zipewa ndi majuzi, koma sumwa madzi, umangoterera pakhungu. Kansalu kosambira kamafuna ulusi wa thonje. Nzodabwitsa kuti ku Chipata, ku Katete ndi ku Petauke timalima thonje caka ndi caka, koma ulusi wake tiyenera kucita kuufunafuna! Ngati mukukayika, dulani kacidutswa ndi kukayatsa ndi macisa: thonje limapsa ngati pepala nkusiya phulusa lofewa, pamene acrylic amasungunuka nkuuma ngati kamkanda kolimba. Mpukutu umodzi wa magalamu 50 ukwanira kansalu kamodzi. Mukangopeza ulusi wathonje wopyapyala, phatikizani mbiri kapena zitatu za nkhosi zake ndi kuluka nazo pamodzi. Sankhani woyera kapena wowala, pakuti pa ulusi wakuda wophunzira saona polowetsa singano. Singanoyo ikhale ya mamilimita 4 kapena 5.

Kalukidwe kamene tikuphunzitsa pano ndi kamodzi kokha. Mabuku a ku Britain amakacha double crochet, pamene a ku America amakacha single crochet. Musasokonezeke, ndi cinthu cimodzi comweco.

Mangani mfundo yotha kusuntha ndi kuivalika pa singano. Kolowekani ulusi pa ngowe ndi kuukoka kupyola m'kamphete kali pa singanoko: imeneyo ndi cheni imodzi. Pangani macheni 26. Tsopano dumphani cheni yoyandikana ndi singano, mulowetse ngowe mu yaciwiri, mukoloweke ulusi ndi kuukokera kuno. Pa singano pali timphete tiwiri. Kolowekaninso ulusi ndi kuukoka kupyola mu tonse tiwiri nthawi imodzi. Mwaluka sitichi yoyamba. Citani comweco mu cheni iliyonse mpaka kumapeto, ndipo mudzakhala ndi masitichi 25. Pamenepo pangani cheni imodzi, tembenuzani nsaluyo monga mutembenuza tsamba la buku, ndi kubwerera. Pamwamba pa sitichi iliyonse pali tinkhosi tiwiri tooneka ngati cilembo ca V. Ngowe ilowe pansi pa tonse tiwiri.

Pamene ambiri amagwa ndi m'mphepete. Sitichi yomaliza ya mzere imakonda kubisala, yopendekera pambali, ndipo diso losazolowera limaipitirira. Mukataya imodzi pa mzere uliwonse, pofika mzere wakhumi kansalu kanu kayamba kusongoka ngati denga la nkhokwe. Ena amalowetsa kawiri pamalo amodzi, ndipo kansalu kamatambasuka ngati siketi. Mankhwala ake ndi kuwerenga. Pa mapeto a mzere uliwonse imani, muwerenge: 25. Zimatopetsa, makamaka pamene anzanu akuceza pamphasa, koma ndi bwino kupasula mzere umodzi kusiyana ndi kupasula khumi. Cingakuthandizeni ndi kumangirira kaulusi ka mtundu wina pa sitichi yoyamba ndi yomaliza.

Vuto lina ndi kukoka kwambiri. Wophunzira amagwira ulusi ngati akuopa kuti uthawa, ndipo masitichi amathina mpaka ngowe kukanika kulowa. Thonje silitanuka, conco masulani dzanja, makamaka pa macheni oyamba aja. Inu amayi amene mukuphunzitsa mwana wanu, musam'lande singano kuti mum'konzere. Khalani pambali pake, osati moyang'anizana naye, kuti aone manja anu monga aonera ake.

Pitirizani mpaka utali ulingane ndi m'lifupi, pafupifupi masentimita 18 kapena 20. Simufunika tepi: pindani ngodya imodzi kukagunda inzake ya patsidya, ndipo mphepete zikakumana, kansalu kakwana. Pa ngodya yomaliza pangani macheni 12 ndi kuwalumikiza pomwe anayambira, kuti pakhale pokolowekera pa msomali. Dulani ulusi, ndipo nsonga zotsala muzilowetse mkati mwa masitichi ndi singano yosokera.

Popeza mtengo wake ndi wocepa, lukani kuti munthu aliyense m'nyumba akhale ndi kake, mtundu wakewake. Cipere ndi matenda ena a maso amayenda kucoka kwa mwana wina kupita kwa mnzake kudzera m'nsalu yosambira imodzi. Khanda, limene cinkhupule cingalikande, likhale ndi tiwiri: kakumaso ndi kakumunsi. Cimodzimodzinso wodwala wogonera pamphasa, amene khungu lake silicedwa kucita zilonda. Mukatha kusamba, tsukuluzani kansaluko, mukafinye ndi kukayanika padzuwa, pakuti thonje lolukidwa limacedwa kuuma ndipo likasiyidwa m'beseni limanunkha. Kamodzi pa sabata kaphikeni m'madzi owira. Kadzafupika pang'ono ulendo woyamba wokha.