Phungu wa pa ntchito sapezeka mwangozi

Wachinyamata akamaliza maphunziro a zaulimi ku Bunda kapena ku Natural Resources College, amatumizidwa kudera lakutali atanyamula satifiketi ndi mabuku. Koma mabukuwo sanena momwe angalankhulire ndi nyakwawa imene yakana kupereka malo a munda wachitsanzo, kapena chochita pamene kalabu ya alimi yagawanika chifukwa cha ngongole ya feteleza. Nzeru zotere zimachokera kwa mkhalakale pa ntchito. Makolo athu ankazidziwa izi, n'chifukwa chake namwali sankalowa m'tsimba wopanda phungu. Lero m'mabungwe ambiri, kupeza womutsogolera wotere kumangodalira mwayi wa munthu, ndipo amene mwayiwo wamuphonya amaphunzira mwa kulakwitsa, olipira kulakwitsako n'kukhala alimi.

Pali mabungwe amene anakana kusiya nkhaniyi m'manja mwa mwayi. M'chaka cha 2008 ku Nairobi kunakhazikitsidwa ndondomeko ya AWARD yothandiza amayi ochita kafukufuku wa zaulimi, ndipo ena mwa iwo anali ochokera ku Malawi, Zambia ndi Mozambique. Mayi aliyense wosankhidwa ankapatsidwa katswiri womuyang'anira. Awiriwo ankayamba ndi maphunziro a momwe angagwirire ntchito limodzi, n'kulemba zimene akufuna kukwaniritsa, kenako n'kumakumana mwezi ndi mwezi kwa chaka chathunthu. Chochititsa chidwi kwambiri chinali chakuti m'chaka chachiwiri, wothandizidwa uja naye ankatenga mtsikana wongoyamba kumene ntchito n'kukhala phungu wake. Motero chiwerengero cha aphungu chinkakula chokha, popanda kupita kukasaka akatswiri atsopano kunja.

Chitsanzo china chili pafupi ndi ntchito ya kumudzi. Mu 2001, dokotala wa amayi oyembekezera, Mitch Besser, anaona kuti pachipatala cha Groote Schuur ku Cape Town anamwino analibe nthawi yokhala pansi ndi mayi amene wangomva kuti ali ndi kachilombo ka HIV. Anapempha amayi ena amene anadutsa kale m'njira yomweyo kuti aziwalangiza anzawowo, ndipo apa ndi pamene panabadwira bungwe la mothers2mothers, limene pambuyo pake linafika m'maiko monga Lesotho, Malawi ndi Zambia. Mfundo yake yaikulu inali yakuti amayi olangizawa aziphunzitsidwa, azilembedwa ntchito ndipo azilandira malipiro.

Mfundo imeneyi ndi imene ambiri a ife ogwira ntchito zachitukuko timaizemba. Timasankha mlimi wotsogolera, kumupatsa malaya olembedwa dzina la bungwe, n'kuyembekezera kuti aziyendera anzake m'midzi ingapo pamene udzu ukukula m'munda mwake. Nyengo ya kupalira ikafika iye amasiya, ife n'kumadandaula kuti anthu alibe mtima wodzipereka. Chonsecho ndalama zimene zimathera pa maphunziro a masiku atatu kuhotela, kumene ambiri amakumbukako za alawansi zokha, zikanatha kugula njinga, kulipira zokonzetsera zake ndi mayunitsi a foni kwa miyezi yambiri.

Si aliyense wodziwa ntchito amene angakhale phungu wabwino. Wina amadziwa kukumba maenje a ulimi wa mleranthaka koma sapirira kufunsidwa funso limodzi kawiri. Ndiponso ndi bwino kuti phungu asakhale bwana amene amalemba lipoti la wophunzirayo, chifukwa palibe amene amaulula zofooka zake kwa munthu amene angamuchotse ntchito.

Bungwe kapena komiti yachitukuko ya m'dera ikhoza kuyamba ndi zochepa. Ilembe maina a akhalakale amene alipo, kuphatikizapo alangizi a zaulimi ndi a zaumoyo amene anapuma pa ntchito n'kubwerera kumudzi, ndipo iwafunse ngati ali okonzeka. Awiri akagwirizana, tsiku lokumana likhale lodziwika, makamaka kumunda kapena kusikelo kumene ntchito ikuchitikira, ndipo agwirizanenso za nthawi imene ubalewo udzathe, kaya pakatha nyengo imodzi ya ulimi, kuti amene sakupindula nawo athe kupempha phungu wina popanda kudana.