Tinjerwa ta Pulasitiki ndi Galimoto za Waya: Luso Limene Ena Salitaya Akakula

M'mayiko ambiri a ku Ulaya, ku America ndi ku Asia muli anthu akuluakulu, ena mwa iwo aphunzitsi, madokotala ndi mainjiniya, amene akaweruka kuntchito amakhala pansi n'kumamanga tinyumba, sitima, milatho ndi nyama pogwiritsa ntchito tinjerwa ta pulasitiki ta kampani ya LEGO, tomwe poyambirira tinkapangidwira ana. Anthuwa amadzitcha AFOL, chomwe ndi chidule cha mawu otanthauza munthu wamkulu wokonda LEGO, ndipo chinthu chimene munthu wachilingalira yekha n'kuchimanga osatsatira kabuku ka malangizo kochokera ku kampani amachitcha MOC. Ku chigwa cha Domasi, m'boma la Zomba, tinjerwa totere sitipezeka wambawamba, komabe ntchito ya ubongo ndi zala imene anthu akunjawo amainyadira ilipo kuyambira kalekale pakati pa opanga galimoto za waya ndi oumba ng'ombe za dothi, kungoti kuno imatengedwa ngati zachibwana zoyenera kusiyidwa munthu akangotha msinkhu.

Nkhani ya tinjerwati idayambira m'tauni yaing'ono ya Billund ku Denmark, kumene kalipentala wina, Ole Kirk Christiansen, adayamba kupanga zidole zamatabwa mu 1932 pamene ntchito yomanga nyumba idasowa chifukwa cha mavuto a zachuma a nthawi imeneyo. Tinjerwa toyamba ta pulasitiki tidatuluka mu 1949, koma kunsi kwake kudali kwamphako, kotero kuti chomangidwacho sichinkachedwa kugumuka. Zinthu zidasintha pa 28 Januwale 1958 pamene mwana wake, Godtfred, adalembetsa kuboma kapangidwe katsopano, koika timachubu kunsi kwa kanjerwa kuti timitu tozungulira ta kanjerwa kapansi tizipanikizika pakati pa timachubuto ndi makoma a kanjerwa kapamwamba. Kuchokera pakati pa kamutu kamodzi kukafika pakati pa kanzake pali mamilimita 8, kanjerwa kamodzi n'kotalika mamilimita 9.6, ndipo timbale titatu, tomwe ndi tinjerwa tophwatalala, tikasanjikizana timalingana ndi kanjerwa kamodzi. Miyeso imeneyi siinasinthe, n'chifukwa chake kanjerwa ka mu 1958 kamalowana bwinobwino ndi kamene kapangidwa chaka chino, ndipo munthu angathe kusonkhanitsa tinjerwa moyo wake wonse osataya n'kamodzi komwe.

Chimene chimakopa akuluakulu ndi malire amene miyesoyi imaika pamodzi ndi kuchuluka kwa njira zopezeka mkati mwa malirewo. Katswiri wa masamu wa ku Denmark, Søren Eilers, adawerengera pa kompyuta n'kupeza kuti tinjerwa tisanu n'kamodzi ta mtundu umodzi, ta timitu tisanu ndi titatu kalikonse, tingalumikizidwe m'njira zokwana 915,103,765. Komabe kanjerwa n'ka ngodya zinayi, pamene mutu wa njovu, denga la tchalitchi kapena mphuno ya ndege n'zokhota, ndipo luso lagona pa kutulutsa chozungulira kuchokera ku zinthu zangodya. Wongoyamba kumene amasanja tinjerwa choimika, pamene wozolowera amatipingasa kuti mzere wapamwamba utseke mpata wa mzere wapansi, monga amachitira mmisiri womanga nyumba ya njerwa zootcha. Wozama kwambiri amagoneka tinjerwa cham'mbali kuti timitu tisaloze kumwamba, ndipo zimenezi zimatheka chifukwa timbale tisanu tosanjikizana timalingana ndendende ndi m'lifupi mwa timitu tiwiri, ndiye kuti mamilimita 16, kotero kuti khoma logonekedwa limalowa mumpata wa khoma loimirira popanda kusiya mng'alu. Palinso mwambo wosandutsa kachipangizo kukhala chinthu china, mwachitsanzo kutenga kanthu kopangidwa ngati nthochi n'kukaika kukhala nyanga ya ng'ombe, ndipo anzake amamuyamikira kwambiri munthu amene waona zimene iwo sadazione.

Intaneti ndiyo idasonkhanitsa anthuwa, omwe kale aliyense ankamanga kwayekha. Mu 1995 James Jessiman wa ku Australia adalemba pulogalamu ya LDraw yothandiza kumanga pa kompyuta munthu asanagule kanthu, ndipo mu 2000 Dan Jezek adatsegula msika wa BrickLink wogulitsirana kanjerwa kamodzikamodzi, womwe kampani ya LEGO idaugula mu 2019. Kampaniyo ilinso ndi ndondomeko ya LEGO Ideas, momwe chomanga cha munthu wamba chikavomerezedwa ndi anthu 10,000 chimaunikidwa, ndipo chikasankhidwa kuti chigulitsidwe mwini wake amalandira gawo limodzi mwa magawo 100 a ndalama zopezeka. Ena afika nalo patali lusoli. Nathan Sawaya adasiya ntchito ya uloya ku New York mu 2004 kuti azimanga zifanizo za anthu zomwe zaonetsedwa m'mizinda yambiri, pamene Ekow Nimako wa ku Toronto, amene makolo ake ndi a ku Ghana, amamanga ndi tinjerwa takuda, ndipo adagwiritsa ntchito tizidutswa pafupifupi 100,000 pomanga mzinda wa Kumbi Saleh, likulu la ufumu wakale wa Ghana, monga momwe iye akuuonera m'chaka cha 3020. Ntchito ya Nimako ndi yofunika kwa owerenga a kuno chifukwa ikuonetsa kuti chidole chochokera ku Denmark chingathe kunyamula mbiri ya Africa chikagwera m'manja mwa munthu woidziwa ndi kuikonda.

Msewu wa M3 wochoka ku Zomba kupita ku Liwonde umadutsa pa Songani ndi pa Domasi, m'munsi mwa mapiri a Zomba ndi Malosa, ndipo maminibasi, malole ndi njinga zakabaza zodutsa pamenepo ndizo kabuku ka malangizo ka mnyamata wopanga galimoto ya waya. Iye amayamba ndi kuwongola waya wotola pomuponda ndi mwala, kenaka amapinda chimango chapansi cha ngodya zinayi, n'kuimika mizati ya zitseko ndi mawindo, ndipo polumikizira paliponse amakulunga ndi waya wopyapyala kapena mphira wodula ku chubu chakutha cha njinga. Mawilo amawadula kuchokera ku patapata wakale kapena amaphatikiza zitsekerero za mabotolo, ndipo amayesetsa kuti bowo likhale pakati penipeni, apo ayi galimoto imayenda chotsimphina. Chovuta koposa ndi chiwongolero, chifukwa waya wautali wofika m'chiuno mwa mwini wake uyenera kulumikizidwa ku mawilo akutsogolo mwa njira yoti akapotoza dzanja mawilo onse awiri akhotere mbali imodzi, ndipo ena amaonjezera timasipuling'i ta waya wopiringiza kuti galimoto izinesa pa mabampu, mwinanso kababu ndi batire la tochi kuti iziwala usiku. Atsikana kawirikawiri amakankhidwira ku dothi la kudambo ndi timiphika ta masanje, osati chifukwa choti zala zawo sizingapinde waya, koma chifukwa chakuti akulu adagawa kale masewera.

Wopanga galimoto ya waya ndi womanga MOC amachita zofanana m'mutu: amayang'anitsitsa chinthu chenicheni, amachichepetsa mosunga milingo yake, amasankha zofunika kuti wina aliyense achizindikire, kenaka amalimbana ndi chipangizo chimene sichigonja msanga. Kusiyana kulipo n'kwakuti wa tinjerwa amalandira zipangizo zoyezedwa kale kufakitale, pamene wa waya amadzipangira yekha chipangizo chilichonse, alibe choyezera koma diso, ndipo chomwe wapanga chiyenera kuyenda m'fumbi ndi m'matope osati kungokhala pa shelefu. Pa mfundo imeneyi ntchito ya mnyamata wa ku Domasi njovuta kuposa ya mnzake wakunja, ndipo n'zomvetsa chisoni kuti iye mwini ndi makolo ake sadziwa zimenezo. Anthu akunja adaziona kale, pakuti buku la ana la Karen Lynn Williams lotchedwa Galimoto, lomwe lidatuluka mu 1990 ndipo limasimba za mnyamata wa ku Malawi wofunafuna waya, lakhala likuwerengedwa m'sukulu za ku America kwa zaka zambiri.

Akuluakulu a kuno amene sadalitaye lusoli alipo, koma pafupifupi onse amalisunga chifukwa limawadyetsa. M'mbali mwa msewu wotsika kuchoka ku Dedza kupita ku Golomoti muli amisiri osema timagalimoto, tinjinga ndi tindege tamatabwa ta mawilo ozungulira, m'misika ya ziboliboli ku Blantyre ndi ku Lilongwe mumapezeka njinga za waya, ndipo m'misewu ya Johannesburg ndi Cape Town zinthu za waya ndi mikanda zimagulitsidwa ndi amisiri omwe ambiri adachokera m'mayiko oyandikana ndi South Africa. Msika uli ndi ubwino wake, komanso umamanga manja, chifukwa wogulitsa amabwereza chimene mlendo adagula dzulo ndipo sangathe kutaya mwezi wathunthu pa chinthu chatsopano chosadziwika ngati chidzagulidwa. Munthu wa AFOL ali ndi malipiro a pamwezi, magetsi a usiku ndi anzake omuombera m'manja, pamene bambo wa ku Songani wopezeka akupinda waya popanda wogula angafunsidwe ngati kumunda kwatha ntchito. Komatu William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu, amene ali ndi zaka 14 adamanga makina amphepo opangira magetsi kuchokera ku zitsulo za njinga, mapaipi ndi mitengo ya bulugamu, adakulira m'mwambo womwewu wotola zotayidwa n'kuzipatsa ntchito ina.

Domasi ali ndi mbali yapadera pa nkhaniyi chifukwa ndi chigwa cha maphunziro kuyambira pamene mishoni ya Church of Scotland idakhazikitsidwa kumeneko mu 1884. Sukulu ya Jeanes, yomwe idatsegulidwa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1920, inkaphunzitsa aphunzitsi oyendera midzi ntchito zamanja ndi zachitukuko, ndipo lero kuli Domasi College of Education pamodzi ndi Malawi Institute of Education, bungwe limene limakonza maphunziro ndi mabuku a sukulu za pulayimale ndi sekondale m'dziko lonse. Bungweli lakhala likulimbikitsa njira yotchedwa TALULAR, ndiko kuphunzitsa ndi kuphunzira pogwiritsa ntchito zinthu zopezeka pamalo, monga zitsekerero, makatoni, nsungwi, dothi ndi waya. Ku South Africa bungwe la Care for Education, mogwirizana ndi LEGO Foundation, lidayambitsa njira ya Six Bricks yopatsa mwana aliyense tinjerwa tisanu n'kamodzi tikulutikulu tochitira masewera afupiafupi a masamu ndi chilankhulo, ndipo ganizo lake silisiyana ndi la TALULAR, loti mwana amamvetsa msanga chimene wachigwira. Chosowa kuno si zipangizo ayi, koma bwalo limene mphunzitsi, makaniko wa njinga ndi mmisiri wa malata angaikepo zomwe apanga kuti anthu aziyerekeze ndi kukambirana kapangidwe kake, monga amachitira anzawo a tinjerwa pa zionetsero zawo za chaka ndi chaka. Galimoto imodzi ya waya yopangidwa mwaluso ingaphunzitse kalasi ya Sitandade 7 za ngodya, milingo, kuzungulira kwa wilo ndi kayendedwe ka magetsi kuchoka mu batire kupita ku babu, ndipo wodziwa kuipanga nthawi zambiri amakhala pa mtunda woyenda pansi kuchokera pa sukulu ya kalasiyo.