Kompyuta ikayamba kuvuta, yambani ndi kufufuza cimene casintha

Pa Cisanu pa 19 July 2024, makompyuta ambiri padziko lonse analeka kugwira nchito pa nthawi imodzi. Ndege zambiri zinalephera kunyamuka, ndipo nchito za m'mabanki ndi m'zipatala zina zinasokonezeka. Kampani ya Microsoft inayerekezera kuti makompyuta a Windows okwanira 8.5 miliyoni ndi amene anakhudzidwa.

Gwero la vutoli silinali mbala za pa intaneti. Linali kafayilo kamodzi kolakwika kamene kampani ya ku America ya CrowdStrike inatumiza ku pulogalamu yake yoteteza makompyuta yochedwa Falcon. Kafayiloka kanatumizidwa pa 06:09 m'mawa pa nthawi ya kuno ku Zambia, ndipo kanabwezedwa pa 07:27. Makompyuta ambiri amene anali atakalandira kale anakonzedwa imodzi ndi imodzi mwa kufafaniza kafayilo komweko.

Nkhaniyi ili ndi phunziro ngakhale kwa mphunzitsi, mlembi wa mu ofesi kapena mwini kashopu kosindikiza makalata. Kompyuta imene inali kugwira bwino nchito dzulo koma lero yayamba kuvuta, kawirikawiri imakhala kuti cinacake casintha mkati mwake. Munthu akadziwa cimene casinthaco, angathe kukonza vuto popanda kufomata kompyuta, njira imene imatayitsa anthu makalata, zithunzi ndi ndalama.

Zimene zimasintha

Pali kusintha kumene mwini kompyuta amacita yekha, monga kuikamo pulogalamu yatsopano, kulumikiza printa kapena kutsegula fayilo yocokera pa fulashi ya munthu wina. Palinso kusintha kocitika mwakacetecete. Kuyambira mu October 2003, Microsoft imatulutsa ma update a citetezo pa Laciwiri laciwiri la mwezi uliwonse, ndipo makompyuta ambiri amadziikira okha. Mapulogalamu enanso amadzikonza okha, kuphatikizapo ma driver, amene ndi timapulogalamu tothandiza Windows kulankhulana ndi zida monga printa ndi sikirini.

Kuzima kwa magetsi nakonso kumaononga. Magetsi akathima pamene update ili pakati, mafayilo ena amatsala osamalizika, ndipo kompyuta ingakane kuyaka bwino pambuyo pake.

Kumene mbiri imasungidwa

Windows imalemba yokha zambiri zimene zimacitika mkati mwake. Malo osavuta kuyambirapo ndi Reliability Monitor, imene inayamba kupezeka mu Windows Vista. Kuti muitsegule, dinizani batani la Windows pamodzi ndi R, lembani perfmon /rel ndi kudiniza Enter. Padzaoneka cithunzi ca masiku apitawa, cokhala ndi muyeso woyambira pa 1 kufika pa 10. Cizindikiro cofiira cimaonetsa tsiku limene pulogalamu inaima kapena kompyuta inazima mosayembekezereka, pamene ca buluu cimaonetsa zinthu monga zimene zinaikidwamo tsikulo.

Cofunika ndi kupeza tsiku limene zizindikiro zofiira zinayamba, kenaka kuona cimene cinalowa pa tsikulo kapena dzulo lake. Mwacitsanzo, ngati printa inaleka kusindikiza pa Citatu, ndipo mbiri ikuonetsa kuti driver yatsopano inalowa pa Ciwiri usiku, pofufuza papezeka.

Malo aciwiri ndi Update history, pansi pa Windows Update mu Settings, pamene pali mndandanda wa ma update ndi masiku ake. Mndandanda wa mapulogamu onse mu Settings nawonso ungasanjidwe potsata tsiku limene anaikidwa. Akatswiri amagwiritsanso nchito Event Viewer, koma zolembedwa zake ndi zambiri, ndipo macenjezo ambiri amene amaoneka mmenemo alibe vuto lenileni. Anthu acinyengo amene amaimba foni modzinamiza kuti ndi okonza makompyuta amakonda kuopseza anthu ndi macenjezo amenewa, conco musapereke ndalama cifukwa ca iwo.

Kubweza kusinthako

Lamulo lalikulu ndi kubweza cinthu cimodzi pa nthawi imodzi, ndi kuyesa kompyuta musanakhudze cina. Mukacotsa zinthu zisanu pamodzi, kompyuta ingacire koma simudzadziwa cimene cinali kuivutitsa, ndipo vutolo lingabwerenso.

Pulogalamu yokayikitsa icotsedwe. Driver yatsopano ingabwezedwe ku yakale mu Device Manager, pa batani la Roll Back Driver. Update nayo ingacotsedwe pa Uninstall updates, koma kwa kanthawi cabe, cifukwa ma update a citetezo amatseka mipata imene mavairasi amalowerapo. Ngati kompyuta ikukana kuyaka bwino, Safe Mode imaiyatsa ndi mapulogalamu ocepa ofunikira okha, kuti munthu apeze mpata wocotsa cimene calakwika.

Palinso System Restore, imene inayamba mu caka ca 2000 ndi Windows Me. Iyo imabweza Windows, ma driver ndi mapulogalamu monga mmene zinalili pa tsiku lina lapitalo, popanda kukhudza makalata ndi zithunzi zanu. Koma siibweza fayilo imene munafafaniza, ndipo siyodalirika pocotsa vairasi. Pa makompyuta ambiri a masiku ano imakhala yozimitsa, motero ndi bwino kuiyatsa vuto lisanabwere.

Si vuto lililonse limene limacokera ku mapulogalamu. Ngati mbiri siionetsa kusintha kulikonse, koma kompyuta ikutentha kwambiri, ikuzima yokha kapena ikulira modabwitsa, mwina cida cina cili pafupi kufa. Zikatero, koperani mafayilo anu mwamsanga pa fulashi kapena malo ena, ndipo pitani kwa wokonza.

M'maofesi ndi m'masukulu mmene anthu ambiri amagwiritsa nchito kompyuta imodzi, kabuku kolembamo tsiku, cimene casinthidwa ndi dzina la wosinthayo kamathandiza kwambiri. Popita kwa wokonza, tengani kabukuko, kapena muuzeni tsiku limene vuto linayamba ndi zimene munaona mu Reliability Monitor. Musavomere kuti kompyuta ifomatidwe mafayilo anu asanakopedwe.