Luso ali nalo, nanga ntchito imawathera bwanji?

Mwana amene anachedwa kulankhula, kapena amene sankakhazikika m'kalasi, naye amakula. Pofika zaka 25 sukulu inatha kalekale, makolo ayamba kutha mphamvu, ndipo nkhani imene yatsala ndi ya mmene adzidyetsere. Kuyambira ku Mbulumbuzi mpaka ku Namitambo, boma lino la Chiradzulu lili ndi akuluakulu otere, ndipo ambiri a iwo ntchito amaitha ndithu. Chovuta n'chakuti sachedwa kuchotsedwa.

Anthuwa ubongo wawo umagwira ntchito mosiyana ndi wa anthu ambiri. Wa autism amavutika kumva mawu okuluwika kapena kuwerenga nkhope ya mnzake, phokoso limamupweteka, ndipo amakonda kuti zinthu ziziyenda mwa dongosolo limodzi tsiku ndi tsiku. Wa ADHD maganizo ake sachedwa kubalalika, koma akagwidwa mtima ndi ntchito amaiwala ndi nsima yomwe. Wa dyslexia zilembo zimamusokoneza ngakhale mutu uli wakuthwa. Ena amafunika chithandizo chachikulu moyo wawo wonse, ena pang'ono chabe. Umenewu si misala, si ulesi, ndiponso si kulodzedwa. Mphekesera zakuti makolo anamukhwimira mwana kuti alemere zazunza mabanja ambiri popanda umboni uliwonse. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linayerekezapo kuti pafupifupi mwana mmodzi mwa ana 100 ali ndi autism, choncho palibe wodi imene ingati ilibe anthu otere.

Chipata choyamba chimatsekeka pofunsira ntchito. Olemba ntchito ambiri amayeza munthu ndi kakambidwe kake: wayankha msanga kodi, wamwetulira, wapereka moni woyenera? Munthu wa autism angathe kugwa mayeso onsewa pomwe ali katswiri wosoka kapena wokonza mafoni. Njira yachilungamo ndi kumupatsa makina ndi nsalu, kapena foni yowonongeka, n'kuona zimene manja ake achite. Masiku awiri kapena atatu oyeserera, olipidwa, amaulula zambiri kuposa mafunso a mphindi khumi.

Koma pamene ntchito zambiri zimathera ndi pa malangizo. Mwini golosale akauza wantchito kuti "ukonzekonze muno" n'kuchoka, wina amadziwa yekha kuti asese, apukute mashelefu ndi kulongedza sopo. Wa autism angaime osadziwa poyambira, kapena angathe tsiku lonse akusanja mabotolo a mafuta ophikira mpaka atafola ngati asilikali, pansi osasesa. Madzulo bwana amati ndi mwano. Chikhala kuti ananena zinthu zitatuzo chimodzichimodzi, zonse zikanachitika, mwinanso bwino kuposa mmene ena amachitira. Chiyankhulo chathu chimakonda miyambi ndi kuzungulira, ndipo ndi ulemu wake umenewo, koma kwa munthu uyu kunena mwachindunji ndiko kumulemekeza.

Zina zothandiza sizilira ndalama. Ndandanda wa ntchito za tsikulo angalembedwe pakhoma, ndi zithunzi ngati wantchitoyo sawerenga bwino, kapena angatumizidwe ngati mawu ojambulidwa pa WhatsApp. Kusintha kulikonse, monga kumusamutsa kuchoka pa sikelo kupita kosungira katundu, kunenedwe dzulo lake. Amene phokoso limamusautsa asaikidwe pafupi ndi chigayo kapena zokuzira mawu; ku nazale ya mitengo, ku khola la nkhuku kapena kowerengera matumba angachite bwino. Wa ADHD apatsidwe ntchito m'zigawo zifupizifupi zokhala ndi mapeto ooneka. Ndipo pakhale munthu mmodzi wodziwika amene wantchitoyo azifunsa akasokonezeka, chifukwa mabwana atatu olamula zosiyana amabalalitsa aliyense. Anzake a pantchito nawo auzidwe, ngati mwiniwake wavomera, kuti kusayankhula kwambiri si kunyada. Nthabwala zomutcha wozerezeka zathamangitsa anthu amene ntchito yeniyeniyo sinawalephere.

Pali khalidwe lina loipa limene limabisala mu chifundo: kumugwiritsa munthu ntchito tsiku lonse, kutunga madzi ndi kutsitsa katundu, malipiro ake n'kukhala mbale ya nsima, ati chifukwa ndalama sazidziwa. Kumeneku ndi kudyera munthu masuku pamutu. Ndime 20 ya malamulo aakulu a dziko lino imaletsa tsankho chifukwa cha ulumali, ndipo lamulo la zantchito la chaka cha 2000 limafuna malipiro ofanana pa ntchito yofanana. Malawi anavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali mu 2009, ndipo ndime 27 ya panganolo imanena za kusintha koyenera pamalo a ntchito. Mu 2024 kunabwera lamulo latsopano la anthu aulumali, limene linakhazikitsa bungwe la MACODA m'malo mwa MACOHA. Wolandidwa malipiro, kapena mbale wake, angadandaule ku ofesi ya zantchito ya boma lino.

Chiradzulu ali ndi mwayi umene maboma ena alibe. Ku Magomero kuli sukulu ya Kamuzu yophunzitsa anthu aulumali ntchito zamanja, ndipo ku Nguludi kuli koleji ya Montfort yosula aphunzitsi a ana ofunika chithandizo chapadera. Ofesi ya chisamaliro cha anthu ingalongosole za kalemberedwe ka maphunzirowa, pamodzi ndi a TEVETA. Komabe ntchito zambiri kuno sizilengezedwa m'nyuzipepala; zimapezeka kwa mmisiri wa pamsika, ku kalabu ya alimi kapena pa chitukuko cha m'mudzi. Nchifukwa chake makomiti a VDC ndi ADC, polemba mayina a ogwira ntchito zachitukuko, ayenera kukumbukira uja amene safika pamsonkhano chifukwa khamu la anthu limamuopsa. Achibale nawo angathandize popita kwa wolemba ntchito tsiku loyamba, mwiniwake ali pomwepo, kukafotokoza zimene amachita bwino, zimene zimamusokoneza, ndi nambala yoimbira zinthu zisanafike pochotsana.