Viza ya unamwino sagula kwa dobadoba

Miyezi yogulitsa fodya, soya ndi mtedza ikakwana, ndalama zimalowa m'makomo kuyambira kuno ku Nsaru, Kabudula ndi Nambuma mpaka ku Namitete ndi Mpingu. Ndi miyezi yomweyonso pomwe mafoni a ana athu omwe adatsiriza maphunziro a unamwino amadzaza ndi mauthenga a pa WhatsApp: ntchito yapezeka ku UK, malo atsala ochepa, tumizani ndalama lero kuti tikusungireni dzina.

Ine ndidagwira ntchito ya unamwino ndi uzamba m'zipatala za kumidzi kuno mpaka kupuma. Poti anthu amandidziwa kuti ndine anesi, makolo amafika pakhomo panga ndi mauthengawo, funso lawo nkukhala lakuti, "Kodi amayi, ng'ombe zija tigulitse?" Onse ndimawayankha mofanana: viza ya ntchito ya unamwino sagula. Imabwera kumapeto kwenikweni, mwana atavomerezedwa ndi bungwe la anamwino la dziko lomwe akufuna kupitalo, atakhoza mayeso, ndipo chipatala chodziwika chitamulemba ntchito. Munthu amene akuyamba ndi kukuitanitsani ndalama za viza, zina zonsezi zisanachitike, sakukutsogolerani kuchipatala ayi.

Mwana wofuna kupita sindimudzudzula. Agogo athu adapita kumigodi ya ku South Africa kudzera ku Wenela ndi Theba. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, anzanga ambiri omwe tinkagona nawo m'mawodi usiku adapita ku Britain, mpaka mu 2005 boma, mothandizidwa ndi Britain ndi Global Fund, lidawonjezera malipiro a ogwira ntchito zaumoyo ndi 52 peresenti kuti otsalafe tisachoke. Lero m'mawodi anamwino akuperewerabe, komanso m'midzi muli anamwino ophunzira bwino omwe akudikira kulembedwa ntchito, ena akukhalira malokamu, maganyu a m'chipatala. Kwacha itatsika mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ngakhale amene ali pantchito malipiro adayamba kuthera panjira. Choncho nkhani si yakuti apite kapena asapite. Nkhani ndi yakuti wopitayo adzere pakhomo, ndipo akafike ali namwino.

Dziko lathu lili pamndandanda wofiira

Chinthu choyamba chomwe banja lililonse liyenera kudziwa nachi. Mu 2010 maiko a m'bungwe la zaumoyo la WHO adagwirizana mfundo za momwe dziko lingalembere ntchito madokotala ndi anamwino a dziko lina. Kuchokera pamenepo WHO imatulutsa mndandanda wa maiko omwe ogwira ntchito zaumoyo ndi ochepetsetsa. Mndandanda wa 2023 uli ndi maiko 55, ndipo Malawi ali pomwepo pamodzi ndi Zambia, Mozambique ndi Zimbabwe. A ku Britain amautcha mndandanda wofiira.

Tanthauzo lake ndi lakuti zipatala za ku Britain ndi makampani owasakira antchito saloledwa kubwera kuno kudzakopa anamwino athu, kaya pamaso kaya pa intaneti. Koma namwino mwiniwake saletsedwa kuona ntchito yomwe yalengezedwa ndi kufunsira yekha mwachindunji kuchipatalacho. Ndiye wina akaimika galimoto pa Mpingu nkumati watumidwa ndi zipatala za boma la Britain kudzalemba mayina, dziwani kuti mwina akunama, apo ayi akuswa malamulo a dziko lomwelo akuti lamutumalo.

Mfundo za WHO zija zimalola kuti maboma awiri asainirane pangano. Kenya idatero ndi Britain mu 2021. Kwathu kuno, mu 2022 bungwe la anamwino ndi azamba la NONM lidakonza zotumiza anamwino osowa ntchito ku America ndi Saudi Arabia, koma boma lidaimitsa ndondomekoyo. Ngati bungwe lalikulu chotero lidaimitsidwa, nanga mnyamata wa foni imodzi ndi akaunti ya Mpamba mphamvu wazitenga kuti?

Ulendo umayambira kwathu konkuno

Dziko lililonse limayamba lafunsa ku Nurses and Midwives Council of Malawi ngati munthuyo ndi namwino wolembetsedwa, ngati laisensi yake ili ndi moyo, komanso ngati alibe mlandu wa pantchito. Kalata yotsimikizirayo imachoka kukhonsolo kupita kukhonsolo inzake, osati kudzera m'thumba la munthu wapakati. Sukulu yomwe mwana adaphunzirako, kaya ndi Nkhoma, Daeyang, Malawi College of Health Sciences kapena Kamuzu College of Nursing yomwe tsopano ili pansi pa KUHeS, nayo imafunsidwa chikalata chosonyeza maphunziro onse ndi maola omwe adagwira m'mawodi.

Apa pali nkhani yomwe imapweteka ana ambiri. Ochuluka mwa anamwino a m'zipatala zathu zakumidzi ndi a NMT, omwe adaphunzira zaka zitatu m'makoleji a mishoni a CHAM. Ntchito amaidziwa, ndipo mayi woyembekezera wa ku Kabudula amapulumukira m'manja mwawo. Koma maiko akunja kawirikawiri amafuna namwino wa gawo lapamwamba, amene timati RN. Wa NMT asanalipire mayeso alionse, alembere kaye khonsolo ya dzikolo kufunsa ngati pepala lake likulandiridwa. Kwa ambiri, ndalama za ng'ombe zija zingapindule koposa zitapita kokakweza maphunziro konkuno.

Zina zoti zikhale m'malo ndi pasipoti, kalata ya kupolisi yosonyeza kuti munthu alibe milandu, ndi makalata a umboni ochokera komwe wagwirako ntchito. Amene adaphunzira ndi ndalama za boma kapena za mishoni nkusainira kuti adzagwira zaka zakutizakuti, atsirize kaye zakazo. Dzina likhalenso lofanana pamapepala onse. Mtsikana amene setifiketi yake ili ndi dzina la bambo ake, pasipoti nkukhala ndi dzina la mwamuna wake, adzafunika kalata ya ukwati, apo ayi fomu imaima.

Njira ya ku Britain

Viza yomwe anamwino amagwiritsa ntchito imatchedwa Health and Care Worker, ndipo idayamba mu Ogasiti 2020. Mtengo wake ndi wotsikirapo poyerekeza ndi maviza ena a ntchito, komanso mwini wake salipira msonkho wa zaumoyo womwe alendo ena amalipira. Koma kuti munthu afike poifunsira, pali makwerero.

Loyamba ndi Chingerezi. Ana amandiuza kuti, "Koma amayi, ife tidaphunzira m'Chingerezi kuyambira Sitandade 5." Zoona, koma bungwe la anamwino la ku Britain, la NMC, limafuna umboni wa mayeso. Pa IELTS limafuna 7 pa kuwerenga, kumvetsera ndi kulankhula, ndi 6.5 pa kulemba. Pa OET, omwe mafunso ake ndi a zachipatala, limafuna B pa zitatuzo ndi C+ pa kulemba. Zotsatira zimagwira ntchito zaka ziwiri zokha, choncho kulemba msanga mapepala ena asanakonzeke ndi kutaya ndalama.

Lachiwiri ndi mayeso a pa kompyuta otchedwa CBT, omwe munthu amalemba asananyamuke. Amayesa kuwerengetsa mlingo wa mankhwala ndi chidziwitso cha unamwino. Pofunsira munthu amasankha nthambi imodzi: unamwino wa akuluakulu, wa ana, wa matenda a maganizo, wa anthu ovutika kuphunzira, kapena uzamba. Kwathu unamwino ndi uzamba timaphunzira pamodzi, koma kumeneko ndi ntchito ziwiri zosiyana.

Lachitatu ndi kupeza ntchito. Zipatala za boma zimalengeza malo pa tsamba la NHS Jobs, ndipo boma la Britain limasindikiza pa intaneti mayina a olemba ntchito onse omwe ali ndi chilolezo choitana antchito ochokera kunja. Mwana aliyense wa foni yamakono angathe kuona yekha ngati dzina la kampani yomwe yamulonjeza ntchito lilipo. Akakhoza intavyu, chipatala chimamupatsa nambala yotchedwa Certificate of Sponsorship. Nambala imeneyi amalipira ndi wolemba ntchito, ndipo malamulo amaletsa kumulipiritsa wantchito. Apa ndi pomwe madobadoba amadyera anthu, chifukwa amaigulitsa ngati katundu wawo.

Akapeza nambalayo ndi pomwe amafunsira viza, atayezetsa TB kuchipatala chovomerezeka ndi boma la Britain. Kalata ya TB imatha mphamvu pakapita miyezi 6. Akafika kumeneko pamatsala mayeso a manja otchedwa OSCE, omwe amalembedwera ku Britain kokha, ndipo ayenera kuwayesa koyamba pasanathe masabata 12. Asanakhoze amalandira malipiro otsikirapo. Awerengenso bwino kontrakiti, chifukwa zipatala zambiri zimalipira ndege ndi mayeso, koma zimalemba kuti wochoka msanga adzabweza gawo la ndalamazo.

Ntchito yosamalira okalamba si unamwino

M'zaka zapitazi anamwino ambiri a muno mu Africa adalowa ku Britain ngati osamalira okalamba, poganiza kuti za unamwino akazilongosolera komweko. Ena zidawayendera. Ena adalipira ndalama zambiri nkukapeza kuti kampaniyo ilibe ntchito yokwanira, kapena yalandidwa chilolezo. Kuyambira pa 11 Malichi 2024, opita pa ntchito imeneyi adaletsedwa kutenga mkazi, mwamuna kapena ana. Pa 22 Julayi 2025 boma la Britain lidatsekeratu kulemba anthu ochokera kunja pa ntchitoyi. Choncho aliyense amene lero akugulitsa viza yosamalira okalamba ku UK kwa munthu amene ali ku Namitete akugulitsa chinthu chomwe kulibe.

Ndikudziwa banja lina la kufupi ndi kwathu lomwe lidagulitsa ng'ombe ziwiri zapangolo, nkuwonjezera ngongole ya banki mkhonde, kutumizira munthu yemwe sadamuonepo nkhope. Adalandira kalata yokongola ya chidindo. Tsiku lonyamuka litayandikira, nambala ya foni ya munthuyo idazima. Mtsikana wawo ali pakhomo, ndipo bambo ake chimanga akututa ndi ngolo yobwereka. Chomwe chimandiwawa nchakuti ndalama zimenezo zikadakwanira mayeso enieni.

Maiko ena

Ku Ireland munthu amayamba ndi bungwe la anamwino la NMBI. Likaunika mapepala limalamula kuti alembe mayeso ku Royal College of Surgeons in Ireland kapena agwire ntchito moyang'aniridwa kwa masabata angapo. Akalembetsedwa amapeza chilolezo chotchedwa Critical Skills Employment Permit, chomwe chimalola kuti banja limutsatire.

Ku America anamwino amapita pa viza yosamukira ya EB-3, yomwe amafunsira ndi wolemba ntchito. Pamafunika kukhoza mayeso a NCLEX-RN, omwe ambiri a kuno amakalembera ku Johannesburg, ndi kupeza chikalata cha VisaScreen. Mzere wake ndi wautali, wodikira zaka. Komanso khomo la America lapanikiza kwa Amalawi: kuyambira Ogasiti 2025 ofuna viza yongocheza adayamba kuitanitsidwa chikole chofika madola 15,000, ndipo mu Disembala 2025 Malawi adaikidwa pagulu la maiko omwe nzika zawo zidaimitsidwa kulandira mitundu ina ya maviza, kuphatikizapo osamukira. Wofuna njira imeneyi ayambe wafunsa ku ofesi ya kazembe wa America ku Lilongwe asanataye tambala.

Ku South Africa basi imafika mosavuta, koma unamwino sufika mosavuta. Pamafunika kalata yovomereza yochokera ku unduna wa zaumoyo wa dzikolo, kuunikitsa mapepala ku SAQA, ndi kulembetsa ku South African Nursing Council. Wolowa ngati mlendo wongocheza saloledwa kugwira ntchito, ndipo anamwino otere amathera m'nyumba za anthu.

Ku Saudi Arabia ndi maiko oyandikana nawo mapepala amatsimikiziridwa ndi kampani ya DataFlow, ndipo pali mayeso a Prometric. Kumeneko viza imamangiriridwa kwa bwana, choncho kontrakiti ndiye moyo wa munthu. Tisaiwale amayi a ku Malawi omwe adalonjezedwa ntchito zabwino ku Oman nkukapezeka akuzunzika m'nyumba, mapasipoti atalandidwa.

Banja likakhala pansi

Safunsa adadya phula. Malume, bambo ndi mayi akamakambirana za ulendo wa mwana, amufunse mafunso awa. Chipatala chomwe chakulemba dzina lake ndani, chili mumzinda uti, ndipo intavyu udachita ndi yani? Khonsolo ya dzikolo yakuyankha chiyani, ndipo kalata yake ili kuti? Ndalama zomwe ukupemphazi zikupita ku bungwe la mayeso kapena ku nambala ya munthu? Pa viza palembedwa ntchito yanji? Mayeso ndi maviza amalipiridwa mwachindunji kwa eni ake, ndipo pamakhala lisiti. Wokukakamizani kuti mulipire lero lomwe, wokuuzani kuti mayeso alibe ntchito, kapena wofuna kusunga pasipoti ya mwana, kamuneneni kupolisi. Dziko lino lili ndi lamulo la 2015 lothana ndi mchitidwe wozembetsa anthu. Munda ndi dimba musagulitse, ndipo kwa akatapila musapiteko, chifukwa ngakhale njira yoona imatenga chaka kapena kuposerapo, ndipo mayeso ena munthu amabwereza.

Kwa inu ana anga amene mapepala ayenda bwino, chokani mwaulemu. Perekani notisi, tsirizani zaka zomwe mudasainira, ndipo phunzitsani amene akutsala. Laisensi ya kwathu muziikonzanso, poti tsiku lina mudzaifuna. Chipatala cha St Gabriel's ku Namitete chidayamba mu 1959 ndi masisitere ochokera ku Luxembourg, umboni wakuti ntchito yathuyi idayamba kale kuwoloka malire. Chomwe ndikupempha boma ndi chakuti likhale pansi ndi NONM ndi khonsolo, lipange mapangano oonekera ndi maiko ofuna anamwino athu, momwe wopita atetezedwe, dziko lolandiralo lithandize makoleji athu, ndipo anamwino omwe ali pakhomo alembedwe ntchito ku Kabudula, Nsaru ndi Nambuma. Pomwe palibe njira yoonekera, madobadoba ndiwo amalambula yawo, ndipo amalipira ndi mlimi.