Phunziro: Tilere Anapiye Kuti Akule

Kuno ku Kambulatsitsi pafupifupi khomo lililonse lili ndi nkhuku. Nkhuku ndi ndiwo ya mlendo. Nkhuku ndi ndalama ya sopo, ya mchere ndi ya kope la mwana. Koma tonse taonapo izi: thadzi laswa anapiye 10, pakutha mwezi atsala atatu. Enawo apita kuti? Ena afa ndi chisanu. Ena watola kabawi, ena khwangwala. Ena afa ndi njala, ena ndi chitopa. Imfa zimenezi tingathe kuzichepetsa ife tomwe, ndi zinthu za pakhomo pathu pomwe.

Chisa

Thadzi limafungatira mazira masiku 21. Tilipatse mazira 10 kapena 12 basi, chifukwa akachuluka ena amakhala kunja kwa mapiko ndipo saswa. Chisa chikhale pouma, pamthunzi. Pansi pa udzu tithire phulusa kuti utitiri usavute thadzi. Madzi ndi chakudya zikhale pafupi, lisamapite kutali mazira n'kuzizira.

Kufunda

Mwanapiye akangoswa alibe nthenga, ali ndi tiubweya chabe. Sangathe kudzifunditsa yekha. Sabata yoyamba amafuna kutentha kwa madigiri 32 mpaka 35, ndipo kutenthako amakupeza m'mapiko mwa make. Nthenga zimakwanira pakatha masabata asanu kapena asanu ndi limodzi. Miyezi ya Juni ndi Julayi usiku kumazizira, makamaka kwa anzathu a kumapiri a ku Zóbuè. Choncho madzulo tilowetse thadzi ndi ana ake m'khola louma, pansi tiyale udzu kapena mankhusu.

Nanga ngati make wafa, kapena tagula anapiye opanda mayi? Tiwaike m'bokosi lokhala ndi tizibowo ta mpweya. Pakati tiike botolo la madzi otentha, lokulunga m'chiguduli. Tikafuna kuwaothetsa makala, moto ukhale mumphika wadothi woti anapiye sangaukhudze, ndipo tisatseke ponseponse, pakuti mpweya wa makala umapha.

Anapiye amatiuza okha m'mene akumvera. Akaunjikana malo amodzi n'kumalira, ndiye kuti akumva chisanu. Akathawira m'mbali atayasama kukamwa, ndiye kuti kwatenthetsa. Akamayendayenda n'kumadya, zonse zili bwino. Mwezi wa Okutobala dzuwa la kuno ku Moatize limaotcha zedi. Nthawi imeneyo chofunika ndi mthunzi ndi madzi.

Dengu

Thadzi likamayenda ndi ana m'tchire, iwo amatopa, amanyowa ndi mame, ndipo kabawi amawaona msanga. Tiluke dengu lalikulu la nsungwi, lamipata ing'onoing'ono. Masana tivundikire thadzi ndi ana ake pansi pa mtengo. Tsiku lililonse tisunthe dengulo kuti likhale pamalo oyera. Tichite chomwechi masabata anayi kufikira asanu ndi limodzi. Usiku titseke maenje onse a khola, makoswe ndi njoka zisalowe.

Madzi ndi chakudya

Madzi ayambe, chakudya pambuyo. Tithire madzi oyera m'mbale yosazama, tiikemo timiyala kuti anapiye asamire. Mbaleyo titsuke m'mawa uliwonse.

Madeya okha sakuza mwanapiye. Amafunanso chakudya chomanga thupi. Tisinje chimanga kapena mapira, tisakanize ndi soya wokazinga kapena mtedza wopanda chuku. Tionjezeko chiswe ndi masamba oduladula. Zinyenyeswa za kapenta wa ku Cahora Bassa nazonso n'zabwino, koma ngati ali ndi mchere tiyambe tamuviika m'madzi. Tiwapatse pang'onopang'ono, kanayi pa tsiku.

Chitopa

Chitopa chikalowa m'mudzi chimasesa makola. Nkhuku imagwetsa mapiko, imatsegula m'mimba zobiriwira, ina imapotoka khosi. Mankhwala ochiza palibe, koma katemera alipo. Dzina lake ndi I-2, ndipo amapangidwa ku Maputo. Timadontheza dontho limodzi m'diso limodzi la nkhuku iliyonse, ndi anapiye omwe. Timatemera katatu pa chaka: Malichi, Julayi ndi Novembala. Nkhuku yodwala kale sitiitemera.

Botolo limodzi limakwanira nkhuku za mabanja ambiri, ndipo likatsegulidwa silikhalitsa. Mutu umodzi susenza denga. Ife a kopaletivi tigwirizane tsiku limodzi, tiuze alangizi a ziweto, ndipo m'mawa wa tsikulo aliyense asatsegulire nkhuku zake. Nkhuku yogula pamsika kapena yochokera kwa abale ku Mwanza tiisunge payokha masabata awiri. Yofa ndi matenda tiikwirire kapena tiitenthe, tisaipereke kwa agalu.

Ntchito yathu

Popeza tsopano tikudziwa kulemba, aliyense atenge kope lake. Alembe tsiku limene thadzi layamba kufungatira, tsiku limene laswa, anapiye angati, ndi amene atsala pakutha mwezi. Makopewo tibwere nawo pamsonkhano wa kopaletivi kuti tiyerekeze.

Mafunso

1. Kodi thadzi limafungatira masiku angati?
2. Anapiye akaunjikana n'kumalira tichite chiyani?
3. Tchulani miyezi itatu ya katemera.
4. Thadzi laswa anapiye 12, afa awiri. Atsala angati?